Maluwa a pa Bafa la Apongozi

Chaka choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa palibe chimene ndinachita choposa kuweta mbuzi za atsibweni ndi kulephera masamu. Ndiyambira pamene ndinalandira njinga yakapalasa, chipewa, ndi dzina loti alangizi a zaulimi. Ananditumiza koyamba ku dera lina m'munsi mwa phiri la Zomba, kumene madzi sasowa ndipo mbewu imamera ngakhale utaiponya uli wokwiya. Bwana wanga woyamba anali a Sambani, bambo wamfupi wodana ndi mpando wa mu ofesi. Akakuona nsapato zako zili zoyera madzulo ankakufunsa ngati wadwala.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda woyangidwa ndi magalagadeya achikasu. Anawafesa okha kuchokera ku njere, mitengo yoposa khumi yopiringizana moti sukanadziwa kuti nthambi iyi ndi ya uti. Pampanda umenewo ndi pamene ndinaphunzira mbewuyi. Umakumba dzenje lofika m'bondo, n'kuthiramo manyowa owolerana. Umasiya tsinde limodzi lokha kuti likwere mzati, mphukira za m'mbali ukuzitsina, mpaka litafika pa waya. Likafika umalidula nsonga kuti ligawike kuwiri. Umathirira koma osamiza, chifukwa mizu yake imadana ndi chithaphwi. Chipatso suthyola, umadikira chigwe chokha. Zonsezi ndinazilemba m'kabuku. Chinthu chimodzi chokha sanandiuze, ndipo ine sindinafunse, poti mnyamata wa satifiketi yatsopano amaganiza kuti mafunso ndi a alimi.

Pangodya ya mpandawo panali mtengo umodzi wobereka kuposa yonse. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene kalata yondisamutsa inafika, ndinadula nthambi zitatu pa mtengo umenewo, n'kuzikulunga m'chiguduli chonyowa. Ndinadzitama mumtima kuti ndatenga mtundu weniweni.

Chaka chachisanu ndi chitatu: kunyanja

Anandisamutsira kwa Kuntumanji, kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Inu munali aang'ono, mwina mumangokumbukira udzudzu. Kunali kotentha, madzi a pa mjigo anali a mchere, ndipo mvula ikagwa matope ankamata matayala mpaka njinga kuisenza pamutu. Bwana wanga kuno anali a Kachingwe, munthu waukhondo, wokonda malipoti kuposa minda. Si kuti anali woipa mtima ayi. Njinga yamoto anali nayo koma mafuta ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye anazolowera kuona dera lonse pa pepala. Mbewu zachitsanzo zinkafika mvula itatha, waya sitinamuonepo, ndipo choko cholembera pamisonkhano ndinkachita kupempha kwa aphunzitsi.

Anthu a kuno sankamufuna kwenikweni mlangizi. Mpunga wa ku sikimu ya Likangala ankaudziwa kuposa ine, ndipo amene analibe munda wa mpunga anali ndi bwato. Matemba ndi milamba zinkawadyetsa. Ndikaitanitsa msonkhano kunkabwera amayi asanu ndi nkhalamba imodzi yofuna mthunzi.

Mwa nthambi zitatu zija inaphuka imodzi. Ndinaidzala kuseri kwa nyumba, ndipo inayanga mosangalatsa, masamba obiriwira bii. Inachita maluwa, maluwawo n'kuyoyoka osasiya kanthu. Mayi anu anandiuza poyera kuti, “Bambo a ana, mtengo wanuwu ndi wokongoletsa pakhomo basi.” Ine ndinawayankha kuti vuto ndi mchere wa m'dothi ndi madzi asopo amene ankathira pafupi. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti chenjezo ndinalandira, koma ndinasankha kukangana nalo.

Chaka chimene nyanja inaphwa

Nyanja itaphwa, mabwato anagona pa matope osweka, ndipo amuna amene sankandipatsa ngakhale moni anayamba kundiimitsa panjira. Mmodzi mwa iwo anali Che Jafali, msodzi wamtali wosayankhulayankhula. Kwawo kunali kutsidya, koma anakwatira Patuma m'mudzi wina pafupi ndi mtsinje, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ankakhala kwa mkaziyo ngati mkamwini. Nyumba anamanga yekha, koma dothi limene inakhalapo silinali lake. Nthawi ya nsomba palibe amene ankakumbukira zimenezo. Nsomba zitatha, aliyense anakumbukira.

“Alangizi,” anatero tsiku lina atagwira chishalo cha njinga yanga, “inetu khasu ndimaligwira ngati nkhafi. Chimanga sindingapose apongozi. Ndipatseni chinthu chimene pamudzi pano palibe akuchidziwa, kuti nanenso andione kuti ndine munthu.”

Ndinamuuza za magalagadeya. Ndinamuuza kuti achikasu amakonda kotentha, kuti m'tauni ya Zomba amawafuna, kuti ukadzala kamodzi umakolola zaka zingapo. Zonsezo zinali zoona. Ndinalankhula ndi mtima wonse, chifukwa kwa nthawi yoyamba kunyanja kuno munthu ankandimvetsera.

Banja la Patuma linali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, ulendo wa theka la ola kuchokera pamudzi. M'dimbamo ndi mmene ankadzala chimanga ndi mbatata zowapulumutsa m'miyezi ya njala. Wolamula za dothi anali Che Mdoka, atsibweni ake a Patuma, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Che Jafali anawagwadira mpaka anamupatsa theka la dimbalo. Ine ndinadula nthambi makumi atatu pa mtengo wanga wa kuseri uja n'kuziphukitsa m'timapepala. Poti waya kunalibe, Che Jafali anamasula zingwe za khoka lake, ukonde waukulu umene unkamudyetsa, n'kuzikoka pakati pa mizati. Ndinamufunsa ngati sadzazifunanso nyanja ikabwerera. Anati, “Ikabwerera idzandipeza.” Mizatiyo tinaipaka oyilo wakutha kuopa chiswe.

Sindinaonepo mlimi wosamala ngati ameneyo. Ankatsina mphukira m'mawa uliwonse, ankaphimbira ndi mapesi a mpunga, ankatunga madzi ndi ndowa ziwiri. Patapita miyezi isanu ndi iwiri theka lonse la dimbalo linachita maluwa, oyera m'mphepete, ofiirira pakati, onunkhira mpaka panjira. Anthu ankaima kudzaonerera. Patapita masiku awiri maluwawo anafota n'kugwa. Ndinati ndi oyamba, oyamba amatero. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anachitanso ena, anagwanso. Pamenepo n'kuti njala italowa m'mudzi, theka la dimba lopanda chimanga, ndipo ana akuimba kuti Che Jafali akulima maluwa a ukwati.

Che Mdoka anatumiza mawu kwa ankhoswe a kuchimuna kuti abwere adzatenge munthu wawo. Patuma anali ndi pakati potopa. Anabwera kwathu m'mawa wina, anakhala pansi pafupi ndi mayi anu, ndipo osandiyang'ana anati, “Alangizi, mwamuna wanga sanabe, sanamenye munthu. Anangomvera inu.”

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya kudya.

Chaka chotsatira, mvula itangoyamba

Ndinakwera minibasi pa Kachulu kupita kwa a Sambani, amene panthawiyo anali atapuma pa ntchito. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinafotokoza zonse, za mchere, za kutentha, za manyowa. Anandisiya ndimalize.

“Mbewu munaitenga kuti?”

“Pa mtengo wanu wa pangodya uja, bwana. Wobereka kwambiri uja.”

“Mitengo yonse makumi atatu?”

“Eya.”

Anaika sompho pansi. “Ndiye kuti muli ndi mtengo umodzi, mwangouduladula. Achikasuwa sabereka ndi mungu wawo womwe. Duwa limafuna mungu wa mtengo wina, womera ku njere ina. Wanga uja unkabereka chifukwa unali ndi anzake khumi pambali, ndipo mabemberezi ankanyamula mungu. Munawaona mabemberezi m'dimba mwanumo?”

Ndinakumbukira oyilo uja. Bemberezi, chinjuchi chachikulu chakuda chija, amaboola mtengo wouma n'kukhalamo, ndipo ife tinali titamutsekera khomo pa mzati uliwonse.

“Safunsa anadya phula,” anatero a Sambani, osaseka. “Koma apa phulalo mwadyetsa mnzanu. Pezani mtengo wina wa njere. Maluwa ake amatseguka dzuwa likapendeka pang'ono masana, madzulo atseka. Mutenge mungu ndi nthenga ya nkhuku, mupake pa timitu titatu ta pakati pa duwa lanu. Tsiku ndi tsiku, duwa ndi duwa. Mvula ikagwa pa ola limenelo, tsikulo lapita.”

Nditabwerera ndinakawauza bwana Kachingwe. Anatseka chitseko cha ofesi. Anati ndilembe kuti mlimi sanatsate malangizo, mbewu izulidwe, nkhani ithe. “Mlangizi salakwa pamaso pa alimi,” anatero. “Mukavomera lero, mawa mukanena za mpunga ndani akumvereni? Komanso dzina lanu lili pa mndandanda wa opita ku maphunziro okwezedwa. Lipoti loti munasocheretsa mlimi sindingaliphatikize pamenepo. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akakwatira kwina.”

Sindikunamizani kuti ndinakana pomwepo. Ndinatenga pepala, ndinalemba mzere woyamba. Maphunziro amenewo ndinawadikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkaganiza za inu ndi sukulu zanu. Masiku awiri pepalalo linali m'thumba la malaya. Tsiku lachitatu mayi anu pochapa analipeza, analiwerenga, n'kuliika pa tebulo osanena kanthu. Kusanena kwawoko kunandikwana. Ndinaling'amba, ndipo ndinalemba lina lonena zoona. Ku maphunziro kunapita wina, ine ndinakhala pa giredi yomweyo zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Tsiku la ankhoswe ndinapita osaitanidwa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, Che Mdoka pa mpando, a kuchimuna pa mphasa, Che Jafali chapatali atazolika. Amayi ake a Patuma, Abiti Selemani, anakhala pakhonde atafulatira, chifukwa kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sapatsana chinthu pamanja, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mayi ameneyu anali wogulitsa mpunga pamsika, wa pakamwa pakuthwa, ndipo ndiye anali patsogolo kunena kuti mkamwiniyo achoke. Ndinavula chipewa, ndinagwada pa dothi ndi buluku langa la ntchito, ndinati wolakwa ndine. Ndinafotokoza za mtengo umodzi woduladula, za oyilo, za mungu. Ndinapempha miyezi iwiri.

“Ndiye mukuti sukulu yonse ija munaphunzira yokwatitsa munthu ndi mwini wake yemwe?” anafunsa Che Mdoka. Anthu anaseka, ine ndinavomera. “Chabwino. Mwezi umodzi, chifukwa mwagwada. Koma mtengo winawo muupeza kuti?”

Apa ndinagwira njakata. Kwa a Sambani kunali kutali, duwa silikanafika lamoyo. Ndiye Patuma anayankhula chapansipansi kuchokera pakhomo. “Pa bafa la amayi pali wina. Unamera wokha, pamene ankataya makoko a zipatso zogula kumsika. Umabereka.”

Bafa la Abiti Selemani linali kampanda ka udzu kuseri kwa nyumba yawo, ka mizati yakale yobooka ndi mabemberezi. Mkamwini sakanapondako ngakhale nyumba itapsa. Inenso, mwamuna wachilendo, sindikanalowa mosambira mayi wa eni. Patuma, ndi mimba ija, sakanayenda ulendo wa kudimba dzuwa lili pamutu. Ana ena aakazi a Abiti Selemani anali kumidzi ina.

“Asa!” anatero Abiti Selemani akuyang'ana khoma. “Dimba andilande, chimanga andimane, lero akufunanso maluwa a m'bafa mwanga? Duwa lililonse ndikathyola ndiye kuti chipatso changa chapita.”

Patuma anayamba kulira mosatulutsa mawu.

“Masabata awiri,” anatero mayiyo. “Ndizibweretsa ndekha, poti ndaona kuti amuna a pano nzeru zawathera. Koma munthu wanuyo asandiyandikire.”

Mwezi wa maluwa

Tsiku lililonse dzuwa likangopendeka, Abiti Selemani ankatulukira pa njira ya kudimba atasenza lichero lovundikira ndi nsalu. Ankaliika pa chulu cha m'malire, n'kutsokomola kawiri, n'kufulatira. Che Jafali ankabwera chowerama, n'kuwomba m'manja kwa munthu amene sakumuyang'ana, n'kutenga lichero. Kenako ine ndi iye tinkayenda mzere ndi mzere ndi nthenga zathu. Zala za msodzi zozolowera kusoka ukonde zinkagwira duwa mofatsa kuposa zanga. Masiku awiri mvula inatigwera pa ola lomwelo, ndipo tinangoima pansi pa nthochi kuonerera mungu ukukokoloka. Tinazulanso mizati ingapo ya oyilo n'kuikapo zitsa zouma, ndipo ndinafesa njere za ku bafa kuti mtsogolo mudzakhale mitengo ya mtundu wina m'dimba momwemo.

Masiku anayi oyamba sindinkagona bwino, sindinkamva kukoma kwa chakudya. Ndinkaopa kuti mwina a Sambani nawonso analakwitsa. M'mawa wa tsiku lachisanu ndinapeza Che Jafali atagwada pa mzere woyamba. Duwa linali litafota monga mwa masiku onse, koma silinagwe. Mkati mwake munali kanthu kobiriwira, kosalala, kochepa ngati dzira la njiwa. Anangondigwira dzanja n'kuliika pamenepo. Ine, bambo wa ana anayi, ndinakhala pansi m'matope.

Masana amenewo Abiti Selemani ataika lichero sanabwerere. Anakhala pa chulu chofulatira. Patapita kanthawi ndinamva, “Alangizi! Auzeni anthu ena kuti mzere wachitatu aulumpha maluwa awiri.” Mmene anaonera atafulatira sindidziwa. Ndinatembenuka n'kuuza Che Jafali, amene anali pafupi nawo kuposa ine. Iye anati, “Alangizi, auzeni kuti anthu ena amva.” Kuyambira tsikulo ntchito yanga yaikulu inali yonyamula mawu pakati pa anthu awiri omvana bwinobwino. Anthu ena akuthirira mopyola. Anthu ena azivala chipewa, dzuwali si la masewera. Tsiku lina pansi pa maluwa m'lichero munali mbatata ziwiri zootcha, ndipo palibe amene anandituma kunena kanthu. Masabata awiri anakwana, lichero silinasiye kubwera.

Mwezi utatha ankhoswe anakhalanso pansi pa mango uja. Patuma anali m'nyumba ndi khanda la masiku asanu. Ndinabweretsa nthambi yokhala ndi zipatso zinayi, zazikulu koma zobiriwira, chifukwa magalagadeya amafuna miyezi iwiri ndi kanthu kuti apse. Che Mdoka anachitembenuza chimodzi m'manja, anachinunkhiza, anachibweza.

“Alangizi, mwayesetsa, sitikukana. Koma chosapsa si chakudya. Ine ndinalonjeza mbumba yanga kuti mwezi ukatha nkhaniyi itha. Mbumba yagona ndi njala chifukwa cha dimba limeneli, ndipo mawu anga sindingawameze. A kuchimuna, munthu wanu uyo.”

Ndinali nditataya maphunziro, ndinagwada pagulu, zipatso zinalipo, koma munthu ankachokabe. Che Jafali anayamba kudzuka, ndipo m'bale wake anamugwira pamkono.

“Achimwene,” anatero Abiti Selemani ali pakhonde, nkhope ili kukhoma. Mawu awo sanali okweza. “Mbumba imene mukunenayo ndine. Njala ndagona nayo ndine, dimba ndi la mayi anga, ndipo amene ndinabwera kwa inu kudzadandaula ndine. Lero dandaulo ndalichotsa. Mwezi wathunthu ndakhala pa chulu paja. Munthu ameneyu sanakhalepo pansi, sanandiyang'anepo, sanaiwalepo kuwomba m'manja. Mukamuchotsa, mundiuze amene akalandire lichero langa mawa masana. Kapena mubwera ndinu ndi nthenga ya nkhuku?”

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, kenako bwalo lonse. Che Mdoka anavula kofia, anakanda m'mutu, anaivalanso. “Mwini dandaulo akalichotsa, nkhoswe ndindani kuti ikakamire?” anatero. “Khalani pansi, akamwini.”

Che Jafali sanakhale pa mphasa. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anagwada chofulatira khonde monga mwambo ufunira, msana wake kuloza msana wa apongozi ake, ndipo anawomba m'manja nthawi yaitali, misozi ikugwera pa dothi. Ine ndinapuma mpweya umene ndinaugwira chaka chathunthu. Ndinamva thupi kupepuka, njala n'kundigwira nthawi yomweyo, njala yeniyeni ya munthu wamoyo.

Atamaliza kuwomba anati, “Alangizi, auzeni kuti...”

“Asiyeni alangizi apume,” anatero Abiti Selemani. “Ndamva ndekha, mwana wanga.”